Ndege ya Amalume Inapita ku Sikelo

Ndege ya amalume inabwera m'mabokosi. Lole inaima kumsewu, chifukwa njira yolowera kumudzi kwathu ku Nkhulambe galimoto yaikulu siidutsa, ndiye anyamata anachita kusenza bokosi limodzilimodzi mpaka kuseri kwa nyumba ya amayi. Anthu ankati ndi chigayo. Amalume sanawatsutse. Anangoti, "Dikirani, mudzaona ufa wake."

Amalume a Sitima ndi alongo awo a amayi. Unyamata wawo wonse unathera ku Joni, pa kabwalo kena ka ndege zing'onozing'ono za alimi, kumene ankakonza mainjini mpaka anaphunzira kuulutsa okha. Ndi amene anandiphunzitsa sukulu mpaka Folomu 4. Anabwerera kumudzi chaka cha namondwe. Nthawi imeneyo milatho inakokoloka, ife tinatsala ngati tili pachilumba, ndipo mankhwala a shuga a amayi anatha. Amayi anapulumuka, koma pang'onong'ono. Amalume atafika anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Ine ndinali ndi ndege kumanja, ndege kumanzere, mlongo wanga akusowa kabotolo kamodzi." Nkhani ya mabokosi inayambira pamenepo.

Mwamuna wanga Elton ndi wowotcherera zitsulo. Ali ndi kashopu pamsika, amapanga mafelemu a mawindo ndi kukonza makaliya a njinga za kabaza. Tsiku limene amalume anamuitana kuti adzawagwirire mbali ina ya phiko, ndinadziwa kuti mkamwini wa amayi wapita. Kashopu ankatsegula mochedwa n'kutseka mofulumira. Ankabwera kunyumba m'manja muli guluu, nkhani yake ili ya mapiko basi. Pamene ankalumikiza mchira ndinali ndi pakati pa Madalo. Pamene ankamangirira injini, Madalo anali atayamba kukhala pansi yekha.

M'buku limene linabwera nayo, ndegeyo inali yoonda, yopangidwira mabwalo a tala ndi audzu wometa. Amalume anati kuno si kumeneko. Matayala amene anabwera m'bokosi anali aang'ono ngati a wilibala, ndiye anawachotsa n'kuika aakulu oti aziponda dothi lofewa. Anaikanso madigadi kuti matope asamamenye mapiko. Kumbuyo kwa mipando iwiri Elton anawotcherera kaliya, ndipo pakaliyapo anamangirira bokosi lotsekeka bwino loti muzilowa mankhwala ndi madzi oundana. Kenako kunabwera thanki ina ya mafuta, poti kuno petulo sapezeka paliponse pamene munthu watera.

Ine ndinkangoona. Ntchito yanga inali kuwapititsira tiyi ndi chinangwa chophika kushedi, ndipo nthawi iliyonse ndinkapeza chinthu chatsopano chitamamatira pandegepo. Za ndege sindizidziwa, koma ndinaonapo mmene njinga yochulukidwa katundu imachitira pachitunda.

Bwalo analilambula m'dambo la banja lathu. Mbali ya kuphiri limathera pa mitengo ya kumanda, yaitali, yoti palibe angayerekeze kuiyandikiza nkhwangwa. Mbali inayo linkayambira pamalire a munda wanga wa chinangwa, umene amayi anandigawira nditakwatiwa. Amalume anandipemphapo kamodzi kuti ndiwapatse mundawo, bwalo litalike. Ndinakana, ndipo chifukwa chake ndinawauza osabisa: sindinkafuna kuthandizira chinthu choti chidzatenge bambo a mwana wanga kupita nawo kumwamba. Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu. "Munda ndi wako, Ene, mawu ndi ako." Sanaibwerezenso nkhaniyo.

Ndege siuluka ngati kaiti. Iyenera kulembetsedwa, ndipo mayi wina wa ku ofesi yoona za ndege anawauza amalume pafoni kuti aiyeze kulemera kwake, kenako asankhe gulu loilembetsa. Amalume anatifotokozera masana ena tili pakhonde pa amayi, tikusenda nandolo.

"Magulu amene akutikhudza ife ndi awiri," anatero. "Loyamba ndi la ndege zopepuka. Kulemera kwake kukapanda kudutsa malire, kuphatikiza anthu ndi mafuta, amabwera kudzaiona, ndimauluka ndekha kanthawi kochepa, kenako ndikhoza kukweza munthu. Lachiwiri ndi la ndege zolemererapo zomanga wekha. Kumeneko ndiye kuli chidodo. Amaiyendera mobwerezabwereza, ndipo ndiyenera kuuluka ndekhandekha miyezi yambiri, kumangozungulira pompano, osakweza ngakhale mphaka."

"Ndiye ife tili m'loyambalo," anatero Elton.

"Sikelo ndi imene inene, akamwini."

Munthu woyamba kukwera ankadziwika. Elton anali atasoketsa kale khushoni ya mpando wachiwiri, ya nsalu yotsala pa makatani athu. Ine ndinangopitiriza kusenda nandolo.

Inali nyengo ya nandolo, mavenda atadzaza pamsika. Elton anakabwereka sikelo kwa mnzake Dave, amene amagula nandolo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kashopu kake. Inali sikelo ya mabatire, yangowe, yoonetsa manambala ofiira. Amalume anaitembenuzatembenuza n'kunena kuti ikuoneka yatsopano. Anaimangirira pa mtanda wa shedi, n'kumakweza tayala limodzilimodzi ndi chingwe, enawo atawapondetsa pa matabwa kuti ndege isapendekeke. Atamaliza anadziyezanso okha. Elton anagwira ngowe ndi manja onse awiri n'kupinda miyendo, akulendewera ngati mbuzi ya pabucha, mpaka amayi anaseka n'kutsokomola.

Amalume anaphatikiza zonse ndi pensulo pa chidutswa cha katoni. Anaphatikizanso kachiwiri. Kenako anachotsa magalasi.

"Takwanira. Tatsala pang'ono kugunda malire, koma takwanira."

Elton anavina kuzungulira mchira wa ndege. Anandilanda Madalo kumsana, n'kumukweza m'mwamba.

"Nayenso ayezedwe uyu, tione ngati akwanire pakaliya."

"Bambo a Madalo, mumugwetsa mwanayo."

"Ndamugwira, Ene. Taona mmene akusekeramu."

Anamukhazika m'chitenje changa, n'kumanga mfundo, n'kukoloweka pangowe. Manambala ofiira anavinavina kenako anaima. Makilo asanu ndi awiri ndi theka.

Sabata yomweyo ndinali nditapita naye kusikelo, ndipo anakwana makilo asanu ndi atatu ndi pang'ono. Mayi aliyense nambala imeneyo amayenda nayo m'mutu. Pafupifupi kilo yathunthu inali itachoka pa mwana wanga m'masiku ochepa, ine ndili pomwepo osaona.

Za ndege sindinaganizeko n'komwe. Ndinamumasula msanga, ndinamugwira paliwombo, ndinamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, ndinamutsina khungu la pamimba kuti ndione ngati libwerere. Ndinakumbukira kuti dzana lake anasiya phala pakati, ndipo thewera lina linali lamadzimadzi. Elton anati mano akumera basi. Amayi anati mwana wodwala sakoka ndolo za anthu chonchi. Onse ankanena zoona, koma nambala ndinaiona ndi maso anga.

M'mawa kutacha ndinamubereka mpaka kwa a Belita, alangizi athu a zaumoyo, amene amayeza ana pakhonde la tchalitchi. Silinali tsiku la sikelo, ndinawapeza kwawo akuchapa.

"Mayi a Madalo, mwabweranso? Lero ndi khutu kapena chala?"

"Wawonda, alangizi. Kilo yathunthu."

Anamuyang'ana Madalo, yemwe anali akuyesa kudya sopo wawo. Sanatsutse. Anapukuta m'manja, anatulutsa sikelo yawo, anaikoloweka pa mtengo wa gwafa, n'kumulowetsa m'kakabudula koyezera. Muvi unaima pamwamba pang'ono pa pamene unaima tsiku lija.

"Mwana wanu akunenepa. Amene mwawonda ndinu."

"Koma dzulo ndinaona ndekha."

"Munamuyezera pati?"

"Pa sikelo ya a Dave."

A Belita anaseka mpaka anakhala pa ndowa. "Sikelo ya venda? Mayi inu, imene ija ngakhale ine nditakwerapo ndingabwerere ku utsikana. Kodi simunagulitseko nandolo?"

Ndinagulitsapo, ndipo kangapo konse. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti sikelo ya venda imadya. Timadandaula, timatukwana chamumtima, kenako timangolitsendera thumba kuti likafike pamene tikufuna. Tinazolowera ngati mmene tinazolowerera fumbi. Kungoti m'mutu mwanga sikeloyo inkadya nandolo basi. Sindinaganizepo kuti ingadyenso mwana.

Ndinabwerera ndikuimba. Ndinamugulira Madalo nthochi panjira, ndinapatsa moni ngakhale anthu amene sindiyankhulana nawo. Nditafika pamtunda poonekera dambo lathu, ndinaona shedi, bwalo lofiira lija, ndi mitengo ya kumanda itaima kumapeto kwake. Ngati sikeloyo inadya mwana wamng'ono chonchi, nanga pa ndege yonse inadyapo zingati? Nanga pa amalume, nanga pa Elton?

Ndinayamba ndi Elton. Ndinamupeza kukashopu akuwotcherera kaliya wa munthu, ndinamudikira mpaka anatsitsa chotchingira kumaso.

"Sikelo ya a Dave imadya," ndinatero.

"Yayamba liti nkhani imeneyi?"

"Ndachokera kwa a Belita. Madalo sanawonde."

"Si ndinakuuza? Ndiye vuto lili pati?"

"Vuto lili pa ndege, bambo a Madalo."

Ndinaona kuti wamva. Koma kumva ndi kuvomera n'zosiyana. Anati mwana ankagwedezeka pangowe, manambala sakanaima bwino. Anati Dave ndi mnzake kuyambira kupulayimale, sangamubwereke sikelo yabodza. Pomaliza anati, "Ene, iwe ndege imeneyi sunaifunepo. Wangopeza pogwira."

Mawu amenewo anandipweteka chifukwa theka lake linali loona. Ndinamanga chitenje bwino n'kulowera kushedi.

Kuuza amalume kunali kovuta kuposa. Munthu amene anakugulira yunifolomu yoyamba, amene wagwira ndege zaka zochuluka kuposa zimene iwe wakhala ndi moyo, ukamuuza bwanji kuti pensulo yake yaphatikiza zabodza? Ndinawapeza akupukuta pulopela, chikupizo cha kutsogolo kwa ndege. Ndinagwada chapatali pang'ono, ndinafotokoza mozungulira, kuyambira pa phala limene Madalo anasiya. Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Sikeloyo yabwezedwa?"

"Ayi, ikadali pamtandapo."

"Kanditengere chigubu chija cha malita makumi awiri. Uchidzaze mpaka pamzere."

Ndinathamangira kumjigo. Pobwera ndinapeza Elton wafika, waima pakhomo la shedi manja ali m'thumba. Amalume anati madzi sanama: lita imodzi ndi kilo imodzi, kuno ngakhale ku Joni. Anakoloweka chigubu pangowe. Manambala anaima pa khumi ndi zisanu ndi zitatu, chigubu chenichenicho chili momwemo.

Amalume anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Kenako anakhala pa bokosi n'kuseka, kuseka kwa munthu amene wangodumpha njoka osadziwa.

"Ndinakhalitsa kunja," anatero. "Ndinaiwala kuti kwathu kuno sikelo nayo imakhala ndi njala."

Anatumiza uthenga, ndipo Dave anabwera pa njinga yake yamoto akuganiza kuti akudzatenga sikelo. Amalume anangomulozera chigubu.

"Aa, amalume," anatero Dave akukanda m'mutu, "inu munangoti mukufuna kuyeza ndege. Simunanene kuti mukufuna mpaka kilo yeniyeni."

"Ilipo ina yosakhala yeniyeni?"

"Nanga zinyalala za m'thumba, chinyezi, anankafumbwe, zonsezo azilipira ndani? Sikelo ikapanda kudya pang'ono, ine ndidya chiyani? Onse amatero pamsika paja."

"Pa makilo khumi imadya imodzi. Ndiye pa ndege iyi, ndi ine, ndi mnzakoyu, yadya munthu wamng'ono wathunthu. Munthu ameneyo akanakwera nafe osamuona." Amalume analoza kumanda ndi chibwano. "Ndipo mitengo ija siwerama."

Dave anayang'ana mitengoyo, anayang'ana Elton, kenako anazimitsa njinga imene anali ataisiya ikulira.

Tsiku la sikelo litakwana, a Belita anavomera kudutsira kwathu atamaliza kuyeza ana. Anabwera ndi sikelo yopondapo, ya amayi oyembekezera, ataimangirira pakaliya wa njinga yawo. Anaima kutsogolo kwa ndege manja ali m'chiuno.

"Mwana uyu makolo ake ndi ati? Katemera analandira?"

"Bambo ndine," anatero amalume. "Mayi ndi akamwiniwa."

"Ndiye mwamudyetsa kwambiri. Tamukwezani tione."

Anayamba ayesa chigubu chija, ndipo muvi unaima pamene unayenera kuima. Kenako anakankhira tayala limodzilimodzi pasikelopo. Amalume anaphatikizanso pa katoni ina. Ulendo uno sanachotse magalasi. Ndege inali itadutsa malire a gulu lopepuka, ndipo osati pang'ono.

A Belita atapita tinatsala atatu, Madalo akugona kumsana kwanga. Elton anayamba kuzungulira ndege akuigwiragwira.

"Amalume, si nkhani iyi. Tichotse kaliya ndi bokosi lake. Tibwezeretse matayala aang'ono aja, thanki yachiwiri ichoke, madigadi achoke. Mawa lomwe ndimasula ndekha. Tibwerera m'gulu loyamba."

"Tibwereradi," anatero amalume.

"Ndiye basi."

"Tibwerera ndi ndege yokongola yoti izitera pa tala. Mvula ikadzadula milatho, ine ndi inu tizidzauluka pamwamba pa anthu n'kumawabayibitsa. Akamwini, ine sindinamange ndege yokaonera phiri. Bokosi lija ndiye ndegeyo. Zinazi ndi zongolinyamulira."

"Ndiye ine ndidikire mpaka liti?"

"Mpaka itandiuza makhalidwe ake onse. Ikadzafuna kuchita mwano, ichite ndili ndekha. Ine ndadya zaka zanga. Inu muli ndi uyo." Analoza kumsana kwanga.

Elton anatola chipewa chake n'kutuluka. Amalume anatenga foni, anaimbira mayi wa ku ofesi uja ine ndili pomwepo, n'kumuuza kuti asankha gulu lachiwiri, lachidodo lija. Mayiyo anawafunsa ngati akudziwa kutalika kwa njira imeneyo. Anati akudziwa.

Atadula foni ndinafuna kuthokoza. Iwo ndi amene anayamba.

"Mwina a ku ofesi akanabwera ndi sikelo yawo n'kutigwira. Mwinanso ayi. Koma ine bwalo ili ndinaliwerengera pa ndege yopepuka, Ene. Ndege yolemera imafuna kuthamanga mtunda wautali isananyamuke. Pamenepo ndiye pamene pakundidetsa nkhawa tsopano."

Sanapemphe kanthu. Anangonena, n'kubwerera kukapukuta pulopela.

Kunyumba Elton anakhala masiku angapo akuyankha ndi mphuno. Ankadya, ankasewera ndi mwana, koma ine ankandidutsa ngati mpando. Sindinamukakamize. M'mawa wina ndinamusiyira Madalo, ndinatenga khasu n'kupita kumunda kwanga. Ndinayambira mzere wa kumalire ndi bwalo. Chinangwa chinali chabwino chaka chimenecho, chotupa, chosavuta kuzula. Dzuwa litakwera ndinamva mapazi kumbuyo. Anali amalume.

"Ukuchita chiyani, Ene?"

"Ndikukumba chinangwa, amalume. Tipange makaka."

"Munda wonse?"

"Wonse. Chaka chamawa ndikalima kwa amayi kumtunda."

"Unati sukufuna kuthandizira."

"Mukanatha kumasula bokosi lija n'kuwakweza bambo a Madalo mwezi uno. Simunatero." Ndinapukuta thukuta ndi chitenje. "Ndiye ngati mukuuluka nokha, muuluke pa bwalo lokwanira."

Anaima pang'ono, kenako anavula shati lawo labwino, analikoloweka pa mtengo wa nandolo, n'kuyamba kutola chinangwa chimene ndinakumba. Pofika masana Elton anabwera ndi wilibala, Madalo atamukhazika momwemo. Anangotenga khasu m'manja mwanga. Mawa lake Dave anabwera ndi anyamata ake onyamula matumba kudzasalaza mizere. Anagwira ntchito mpaka madzulo osafunsa ngakhale madzi. Pamsika ndinamva kuti amayi ena ayamba kupita ndi zigubu za madzi pokagulitsa nandolo, ndipo mavenda sakundikonda kwenikweni. Zimenezo sizinandisowetse tulo.

Makaka tinayanika padenga la shedi, pa mphasa, mpaka pa mabokosi amene munabwera ndege. Mayi wa ku ofesi atabwera kudzaiyendera anapeza pabwalo ponse pali mbuu. Anakhala tsiku lonse akusuzumira m'mapiko ndi tochi, anawauza amalume kuti asinthe mabawuti awiri ndi kumangitsa bwino paipi ya thanki yachiwiri, ndipo anabweranso ulendo wina kudzaona ngati achitadi. Popita tinamupatsira makaka m'jumbo.

Tsiku loyamba kuuluka ine sindinaone bwino. Ndinali nditabisa nkhope pamutu pa Madalo, ndinangomva anthu akukuwa ndi phokoso likutalikira. Koma amalume anatera, anatuluka, anapempha tiyi. Anaulukanso sabata yotsatira, n'kumapitiriza choncho m'mawa uliwonse kukakhala kopanda mphepo. Ana a sukulu anasiya kuthawa m'kalasi akamva injini. Nkhuku nazo zinazolowera. Ine sindinazolowere, koma ndinaphunzira kuyang'ana.

Mvula itayandikira, amalume anati yakwana nthawi yoti ndege iphunzire kunyamula katundu wake wonse. Munthu sankaloledwabe, ndiye anadzaza mchenga m'thumba la feteleza mpaka linalemera ngati Elton, ataliyeza pa sikelo ya a Belita. Analikhazika pa khushoni ya makatani athu, analimanga lamba. Dave analiveka chipewa cha Elton.

"A Elton awa ndi abwino," anatero Dave. "Sayankha, sadya, salankhula za mapiko."

"Mayi a Madalo, mwina mungosinthanitsa," anatero a Belita, amene anali ataima ndi njinga yawo.

"Ndiganizirapo," ndinatero. Elton anaseka nawo, koma maso ake anali pa mpandowo.

Anadzazanso bokosi la mankhwala ndi mabotolo a madzi, ndi mathanki onse awiri. Amalume anayendetsa ndege mpaka kumapeto kwenikweni kwa pamene panali munda wanga, anaitembenuza, n'kuloza kuphiri. Ife tinaima m'mbali mwa bwalo, chapakati. Elton anali atanyamula Madalo.

Injini inakuwa. Ndege inayamba kuthamanga, koma osati ngati masiku ena. Inkabwera molemera, matayala akuluakulu aja akukumba fumbi. Inamaliza munda wanga wonse ili pansi. Inadutsa pamene bwalo lakale linkayambira ili pansi. Inatidutsa ife ili pansibe, ndipo ndinaona chipewa cha Elton chikugwedera pa thumba paja. Ndinamugwira Elton pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa. Kenako mphuno inadzuka, kuwala kunaoneka pansi pa matayala, ndipo inayamba kukwera pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtolo. Inadutsa pamwamba pa mitengo ya kumanda, nsonga zake zikugwedezeka ndi mphepo yake.

Anthu anaomba m'manja. Elton sanaombe. Anandipatsa mwana, anayenda mpaka pamene mizere ya matayala inathera m'fumbi, n'kuima pamenepo. Anayang'ana kutsogolo, kachigawo ka bwalo kamene kanatsala kuti munthu afike pamitengo. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo, kumene kunali chinangwa changa. Nanenso ndinayang'ana. Zigawo ziwirizo zinali pafupifupi zofanana.

Anabwerera pang'onopang'ono. Anaima pambali panga, tonse tikuyang'ana kadontho kakuzungulira chakuchigwa.

"Ene," anatero.

"Ee."

"Pamkono pano wandivulaza."

"Pepani."

"Ayi, usapepese." Anamutenganso Madalo, anamukhazika paphewa, n'kumulozera kumwamba. "Taona, abambo ako enawo ali uko. Ine ndikadali pano."

Tsiku lake lidzafika, ndikudziwa. Amalume akuti mwina nandolo akadzachanso. Khushoni ija ndinaichapa, ndinasokanso pamene thumba la mchenga linaing'amba, ndipo ndinakaibwezera ndekha pampandopo.